Mpendero Wokhota wa Alamu

Atelala vuto lawo linawayamba ali pamzere m'sitolo yaikulu. Mtima unangoyamba kugunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi, mpweya n'kuchepa, zala n'kuchita dzanzi. Anasiya basiketi pansi n'kuthamangira panja, ali otsimikiza kuti akufa.

Kuchipatala anawapima, n'kupeza kuti mtima uli bwinobwino. "Awa ndi mantha ogwera munthu mwadzidzidzi," anatero adokotala. "Thupi limakonzekera kuthawa pomwe palibe chokuthamangitsani. Zimasautsa, koma sizipha, ndipo zimatha zokha. Chovuta n'kuyamba kuopa malo onse amene zingakupezereni. Muzituluka pang'onopang'ono, muli ndi munthu."

Atelala anavomera ndi mutu. Atafika kunyumba anakokera makina awo pawindo la pabalaza, osatulukanso. Ulusi ankagula ndi akazi awo, makasitomala ankayezedwa pakati pa mipando. Akangoyang'ana geti, m'manja munkatuluka thukuta.

Mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, woluka tsitsi, anali nawo kuchipatala kuja ndipo anamva zonse. Ankadziwanso kuti atelala sapirira akaona chovala chosokedwa molakwika. M'mawa wina anatulukira atavala diresi la mpendero wokhota, mbali imodzi ikulendewera, n'kuima pageti.

"Alamu, chimenecho wakusokerani ndani?" anafunsa atelala pawindo.

"Telala wina wake. Anthu akuti ndiye watchuka masiku ano."

"Lowani ndikonze, musatichititse manyazi."

"Ndachedwa. Ngati likukuwawani, bwerani ndi mapini anu."

Atelala anatukwana chamumtima, anatenga mapini, nafika pageti. Mawa lake mlamu anaima patsogolo pang'ono, kolala itapendekera. Kenako pansi pa mtengo, kenako pakona, zipi itapotoka ngati njoka.

Pakona paja ndi pomwe mantha aja anawagwira. Mapini anamwazika, iwo n'kugwira pachifuwa.

"Alamu, zabwera. Tiyeni kunyumba."

Mlamu anasiya zoseka. Anawakhazika pa benchi la wokonza nsapato, n'kukhala pambali pawo. "Ndili pompano. Mukafuna kupita tipita, koma tadikirani tione ngati adokotala aja ananama. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono, ngati mukuuzira tiyi wotentha."

Zinakwera, zinakweranso, kenako zinayamba kutsika. Atelala anapukuta nkhope, nayang'ana magalimoto akudutsa. Sanafe, ndipo sanathawe.

"Telala wanuyo," anatero atelala mawu atabwerera, "n'chifukwa chiyani amasoka ndi ulusi wa m'kabati mwanga?"

"Mwina mumagula kumodzi."

"Ndinazindikira pa kolala paja kuti ndi inu. Zosoka zanu n'zoipa kuposa za munthu aliyense wamoyo."

"Ndiye munkatulukiranji?"

Atelala anawerama n'kuyamba kutola mapini.

Sizinathere pomwepo. Masiku ena ankabwerera pageti, ena ankafika kumsika. Anabwereranso kwa adokotala, nthawi ino pa basi, atakhala pafupi ndi chitseko. M'sitolo yaikulu muja mantha anawapezanso pamzere, koma anaima chilili mpaka anafika kutsogolo.

Madzulo ake akazi awo anatuluka kuchipinda atanyamula mulu wa zovala, nauponya pa makina.

"Inu ndi mlamu wanuyu mwachiritsana ndi madiresi anga. Lachikondwerero lija manja ake alekana utali. Palibe akudya muno mpaka zonsezi ziwongoke."

Mlamu anali atayamba kale kusendera kukhomo. Atelala anamupatsa lumo ndi mpando.