Fungo la Oyilo Wopserera

Bwana Greenwell Goliati anafika pagalaja yanga ku Old Town Lachiwiri m'mawa, galimoto yawo ikubuula ngati ng'ombe yokana goli. Ndinawazindikira asanatsike n'komwe, ndipo mtima wanga unawira. Amenewa ndiwo anachotsa ntchito mlamu wanga Orton.

Munali mu 1975, boma likusamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Malole ankafika tsiku ndi tsiku atasenza madesiki ndi mafayilo, ndipo maofesi atsopano a ku Kapitolo ankafuna madalaivala ambirimbiri. Koma Orton, amene anawayendetsa bwanawa zaka zisanu ndi zitatu osagundako ngakhale nkhuku, ankabwezedwa pakhomo lililonse. Chinkamutsekera njira ndi kalata yomwe anamulembera pomuchotsa, yonena kuti ndi wosasamala ndipo anawononga galimoto. Iye, mlongo wanga Agness ndi ana awo anayi anali akugona m'chipinda changa chosungiramo matayala.

"Akuti ndiwe wekha muno amene umadziwa za otomatiki," anatero bwanawo, moni osapereka. Sankadziwa kuti ndine ndani.

Sananame. Magiyabokosi osintha okha magiya ndinawaphunzira ku Joni, ndipo amakaniko anzanga ankawaopa ngati njoka.

"Ikuchita bwanji, bwana?"

"Ukailowetsa giya imayamba yaganiza kaye. Pachitunda injini imangokuwa, galimoto osapita. Ndi ntchito ya chitsiru china chomwe ndinkachisunga."

Ndinaliza injini mpaka itatentha, ndikusolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, ndikupukutira pakansalu koyera. Oyilo ameneyu amayenera kukhala wofiira. Uyu anali wakuda bii, akununkha ngati nyemba zopserera. Sanali wochepa ayi, ndipo panalibe pomwe ankadontha. Waya wochokera popondera mafuta unalinso bwinobwino. Ndinalowa pansi, ndikumasula chiwaya cha giyabokosi. Munali matope akuda okhaokha ndi tizitsulo tonyezimira, kusonyeza kuti mbale zam'kati zinali zitadyeka.

Apa m'pamene ndinadabwa. Dalaivala woipa amadya giyabokosi pang'onopang'ono, koma iyi inapsa tsiku limodzi. Ndili chigonere pansipo ndinaona kuti chitsulo cha kuseri kwa bampala chapindikira kutsogolo, penti itasupuka, ndipo pamenepo panakanirira ulusi wa chingwe cha khonje. Ndinakumbuka mawu a Orton, kuti tsiku losamuka ku Zomba bwanawa anamutsogoza pabasi ndi adona ndi ana awo, galimoto anangoipeza ili kale panyumba ku Area 10.

Ndinatuluka ndikumwetulira, koma m'kati ndinali moto.

"Bwana, kuti ndisamasule polakwika, mundiuze. Kuchoka ku Zomba inabwera bwanji?"

Anatukula chifuwa. "Ndinaimangirira kumbuyo kwa lole ya katundu. Kuotcheranji petulo pamene lole ikupita komweko? Ndinakhala pachiwongolero ndekha."

"Injini ili chizimire?"

"Nanga ndikanailiziranji?"

Ndinakweza mawu dala, kuti amakaniko onse ndi eni magalimoto omwe ankadikira amve. "Galimoto ya magiya wamba mutha kuikoka choncho. Iyi ayi. Injini ikazima, pampu ya oyilo nayo imaima. Ndiye matayala akuzungulira, zam'kati zikukhulana zouma gwa, Liwonde, Balaka, Ntcheu, Dedza, mpaka kuno! Munaiphika nokha, bwana, mutakhala pampando."

Wina anaseka kuseri kwa lole. Bwanawo anayamba kumasula tayi.

"Chabwino, zatheka. Konza. Ndikuifuna Lachisanu. Munthu ngati ine sindingafike ku Kapitolo wapansi."

"Alamu!" ndinaitana. "Tatulukani."

Orton anatuluka m'chipinda cha matayala, malaya akumukhwepa chifukwa cha kuonda. Mwachizolowezi anavula chipewa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

"Valani chipewa chanu, alamu. Bwana, chitsiru mumanena chija ndi ichi, mwamuna wa mlongo wanga. Sipanala sindigwira musanalembe kalata ina."

Anayang'ana uku ndi uku. Anthu anali atatizungulira, mpaka amayi ogulitsa nthochi pamsewu anasiya malichero awo. Anatsegula chikwama, natulutsa pepala ndi cholembera, nawerama paboneti yotentha ija. Ine ndinkanena, iwo akulemba: kuti Orton anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu mokhulupirika, kuti sanachitepo ngozi, kuti kalata yoyamba inali yolakwika chifukwa galimoto anaiwononga ndi mwini wake. Pamzere womalizawu dzanja lawo linaima.

"Zimenezi n'zosafunika."

"Kwa ine n'zofunika. Lembani."

Analemba, nasayina, thukuta likugwera papepala. Ndinaiwerenga kawiri ndisanaipereke kwa Orton. Iye anaipinda bwinobwino, naiika m'thumba la pachifuwa.

"Ndiye Lachisanu nthawi yanji?" anafunsa bwanawo.

Kunena zoona, ikanakonzeka. Mbale zatsopano ndinali nazo m'bokosi, ndipo ntchito yake inali ya masiku awiri. Koma ndinaganiza za ana a Agness akudzuka m'mawa uliwonse akununkha labala, miyezi isanu yathunthu.

Ndinapukuta m'manja, ndikutenga chiwaya cha matope chija, ndikuwaikira pampando wakutsogolo.

"Ndinati sindigwira musanalembe. Sindinati ndigwira mukalemba. Ichotseni galimoto yanu pagalaja panga."

"Nanga ndiyenda bwanji ine?"

Orton anawayang'ana m'maso koyamba pa zaka zonsezo.

"Basi ya ku Kapitolo imadzadza msanga, bwana," anatero. "Muzilawirira. Ine ndakhala ndikupitako wapansi."