Tsiku Limene Edness Anathamangitsa Njovu

Kamera inali imodzi, atsikana awiri, ndipo malo ophunzira ntchito yoperekeza alendo m'paki anali amodzinso. Kampani ina ya masafari ndiyo inalonjeza malowo kwa mtsikana wa m'boma la Rufunsa amene wangomaliza giredi 12. Pa onse amene analembetsa panatsala Edness wa ku Shikabeta ndi Happiness wa ku Mpanshya, amene kusukulu ankakhala desiki imodzi. Ba Bruce, oyendetsa motoka ya alendo, anauzidwa kuti apite nawo m'tchire tsiku limodzi, aone zithunzi zawo ndi khalidwe lawo, asankhepo mmodzi.

Happiness ndiye anapatsidwa kamera m'mawa. Edness anauzidwa kuti adikire masana, nthawi imene nyama zimabisala m'mithunzi. Sanadandaule. Iye zinthu ankangozimeza.

Koma mumtima munkatentha. Happiness, mwana wa anamwino, Chingelezi chinkamutuluka ngati madzi a pampopi. Ankafunsa mayina a mbalame, Ba Bruce n'kumayankha akuseka, mpaka kumutchula kuti madamu. Mbalame zomwezo Edness ankazidziwa zonse, ngakhale kumene zimaikira mazira, koma m'Chisoli, chinenero cha kwawo, ndipo palibe anamufunsa. Ngakhale lamba wa kamera ankamukhala bwino mnzakeyo pakhosi, ngati anabadwa naye.

Atafika pakamtsinje kouma, Ba Bruce anazimitsa injini. Njovu yaikazi inali kufukula mchenga kufuna madzi, kamwana kake kali pansi pa mimba. Kamwanako kanayesa kutunga ndi chitamba, kanalephera, ndiye kanagwada n'kuviika kamwa yonse m'dzenjemo. Ba Bruce ananong'oneza Happiness kuti asafulumire, adikire kadzutse mutu. Edness anasuzumira pakagalasi ka kamera. Anaona dzuwa likuwala m'makutu a njovu, mchenga ukung'anima, ndipo anadziwa kuti masana onse sadzapeza chinthu choposa ichi.

Anatulutsa dzanja kunja, n'kumenya chitseko cha motoka katatu ndi mphamvu zake zonse.

Njovu inakupiza makutu, inalira, inakankha mwana wake n'kulowa naye m'tchire. Pachithunzi cha Happiness panangotuluka fumbi ndi mchira.

Ba Bruce anatembenuka nkhope itachita mdima, koma asanatsegule pakamwa Happiness anayamba kumuikira kumbuyo mnzake. Anafotokoza kuti ku Shikabeta njovu si ya zithunzi, ndi mdani wa chimanga. Kuti mwana akangoyamba kuyenda amamupatsa chitini ndi mtengo zopirikitsira njovu. Kuti chaka chatha njovu zinamaliza munda wa amake Edness, osasiya ndi phesi lomwe. Anati dzanja lazolowera, silinafunse mwini wake. Zonsezi zinali zoona, ndipo Ba Bruce anapola.

"Iwenso Edness," anatero Happiness akuseka, "ufuna upirikitse ndi za boma zomwe? Munda wake uli kuti kuno?"

Edness anaseka nawo pang'ono, maso ali pamapazi. Chimene sananene n'chakuti iye njovu amaidziwa ikakwiya, ndipo ijayi inalibe nawo kanthu. Mtima wake sunagunde ndi pang'ono pomwe.

Masana kamera inabwera m'manja mwake. Anapempha kuti aime pathawale lina pamene anaona mapazi atsopano, anadikira nthawi yaitali osagwedezeka, mpaka kunabwera njiri ndi ana ake anayi, michira ili chilili. Anajambula kamodzi kokha.

Pobwerera, Ba Bruce anaimika motoka pafupi ndi msewu waukulu n'kuyang'ana zithunzi zonse mosafulumira. Happiness anagwira dzanja la Edness.

"Chako ndicho chabwino, Edness," anatero Ba Bruce. "Diso uli nalo. Koma munthu woopa njovu sindingamupatse alendo. Tsiku lina angatiphetse."

Akanakhala chete, akanabwerera kwawo ali wamantha chabe, mwana wakumudzi womvetsa chisoni. Koma kumva kuti malo akupita kwa Happiness, pamwamba pake iye n'kutchedwa wamantha pamaso pa mnzake amene njovu anayamba kuziona m'buku, kunamutsamwitsa.

"Sindinaope, Ba Bruce."

"Nanga chitseko unamenyeranji?"

Maso a Edness anapita pakamera ija. Lole ya makala inadutsa pamsewu, phokoso lake linapita n'kutha. Kenaka anamva zala za Happiness zikumasuka pang'onopang'ono, chimodzi ndi chimodzi, mpaka dzanja lake linatsala lokha pampando.

Ba Bruce analemba dzina la Happiness papepala la kampani. M'minibasi yopita ku Mpanshya munali malo awiri oyandikana kumbuyo, koma Happiness anapempha kondakitala kuti akhale kutsogolo.