Laputopu ya Adalaivala Opuma

Bambo anga anayendetsa mabasi zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anasowa chochita, ankangozungulira m'nyumba n'kumakonza zitseko zabwinobwino. Tsiku lina ndinawaonetsa gemu yoyendetsa malole pa laputopu yanga. Pasanathe sabata, ndinkachita kuwachonderera kuti andibwereke laputopu yanga yomwe, ndilembe malipoti a kuchipatala komwe ndimagwira ntchito. Choncho Loweruka lina ndinawatenga kuti akagule yawoyawo ndi ndalama zawo za penshoni.

Kusitoloko, wogulitsa anali mayi wamagalasi, wosapupuluma. Anatiikira malaputopu awiri patebulo. Yoyamba inali yakuda, yopyapyala, kiyibodi yake ikuthwanima mitundumitundu. Yachiwiri inali yotuwa, yojintcha, yosapatsa chidwi. Anafotokoza kuti purosesa yake ndi imodzimodzi. Yakudayo inali ndi sikirini yowala kwambiri, batire lokhalitsa ndi magigabaiti 16 a ramu, yomwe imathandiza kuti gemu isamaimeime. Yotuwayo ramu yake inali 32, malo osungira magemu ochuluka kawiri, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo. Vuto lake linali kulemera, komanso batire silichedwa kutha.

Ine mtima unali kale pa yakudayo. Bambo anangopempha mpando ndi kuti awatsegulire gemu yawo ija pa onse awiri.

Anayamba ndi yakuda. Atayendetsa lole kwa mphindi khumi, anapisa dzanja kunsi kwa laputopuyo, n'kulichotsa msanga chifukwa cha kutentha. Kenako anatchera khutu pafupi ndi timabowo totulukira mphepo, nkhope ili gwa. Anachitanso chimodzimodzi ndi yotuwayo, ndipo apa anachedwapo. Anabweza lole ya ngolo yaitali chambuyo n'kuilowetsa pampata wopapatiza osagunda kanthu, mpaka makasitomala ena awiri anasiya zawo n'kumaonerera.

"Iyi ikupuma bwino," anatero akugogoda yotuwayo ndi chala. "Inayo ikulira ngati basi yodzaza ikukwera chitunda."

Ndinawakumbutsa za batire ndi kulemera kwake. Anandifunsa kuti apita nayo kuti, poti iwo kuyenda anayenda kale mpaka kuwakwana. Ndinayesanso kutamanda sikirini yowalayo, n'kunena kuti ingawathandize maso.

"Mwana wanga, maso angawa akuona bwino," anatero. "Akuonanso kuti yopepukayo ukufuna uzikaonetsa anzako kuntchito."

Wogulitsa anaseka mpaka anavula magalasi. Ine ndinangoyang'ana kudenga, chifukwa sananame.

Poti yotuwayo inali yotsika mtengo, ndalama zinatsalako, ndipo wogulitsa anatulutsa chiwongolero chamagemu chokhala ndi zopondera zake. Bambo anachigwira ndi manja awiri, anachipotoza uku ndi uku, anati ndi chopepuka kwambiri koma azolowera. Anakana kuti ndiwanyamulire katoni ngakhale imodzi.

Titafika kunyumba anayesa kumangirira chiwongolerocho patebulo la kuchipinda, koma linali lalifupi. Anayesa pa shelefu, inkagwedera. Pomaliza anachimangirira patebulo lodyera, mbali yoyang'ana kuwindo. Mpaka pano tonse timadyera mbali imodzi, mothithikana, ndipo wopempha mchere amadikira kaye lole iime.