Zitsekerero za Aphunzitsi Akpene

Selorm, mwana wa zaka zinayi, anayamba kubisala kunsi kwa bedi akamva galimoto ya bambo ake. Bambo akewo, a Mawuli, oyendetsa takisi kwathu ku Ho, ankafika ndi choko ndi kamkwapulo kudzamulembetsa manambala. Mwana wokonda kucheza uja anayamba chibwibwi.

"Bambo a Selorm, mwanayu mumupweteka," anadandaula motero a Dzifa, akazi awo.

"Iwe, khala chete! Edem wa pakhomo linalo amatchula manambala mpaka handiredi. Wathuyu kusukulu akungoumba dothi. Mawa ndikukamuchotsa."

M'mawa a Mawuli analowa m'kalasi la mkombaphala osagogoda, akukoka mwana pamkono.

"Aphunzitsi, kodi pano ndi pasukulu kapena pabwalo la masanje?"

Mayi Akpene, mphunzitsi wa kalasilo, anawapatsa mpando. Anayala zitsekerero za mabotolo m'mizere iwiri, zisanu uku, zisanu uku. Kenako anatalikanitsa za mzere umodzi.

"Selorm, zambiri zili kuti?"

Mwanayo analoza mzere wautali.

"Mwaona? Mbuli yeniyeni!" anakalipa a Mawuli, dzanja lili m'mwamba.

"Tsitsani dzanja, bambo. Edem, tabwera."

Edem anatchula manambala mothamanga ngati nyimbo. Koma atafunsidwa funso lomwelo, nayenso analoza mzere wautali. Ana ena atatu anachita chimodzimodzi.

"Pa msinkhu uwu mwana amakhulupirira zimene maso ake akuona," anafotokoza mphunzitsiyo. "Kuloweza manambala si kuwamvetsa. N'chifukwa chake maphunziro athu timayambira pa zinthu zogwirika: kugawa, kusanja, kuthira madzi. Kuumba dothi kumalimbitsa zala kuti zidzathe kugwira pensulo. Mukamukakamiza, chimene amaphunzira ndi mantha basi."

A Mawuli anayang'ana mwana wawo, yemwe anali atabisa nkhope kuseri kwa siketi ya mphunzitsi. Manyazi anawagwira.

"Ndiye kunyumba ndizitani?"

"Muzisewera naye. Azigawa nthochi zokazinga, azisanja nsapato, muzimufunsa n'kudikira yankho."

Anachitadi zimenezo. Poyamba Selorm ankagawa nthochizo maso ali pa dzanja la bambo ake. Patapita miyezi chibwibwi chinatha. Tsiku lina pa chakudya anawerenga anthu, n'kufuula kuti, "Adadi, tilipo atatu, mbale zilipo ziwiri. Inu mudyera pati?"

Makolo, nzeru za mwana zimakula pang'onopang'ono ngati thupi lake. Muphunzitseni zogwirizana ndi msinkhu wake, ndipo musanakwiye, kambiranani ndi aphunzitsi.