Mphasa ya ku Mpadue

Mizere ija Tomásia anayamba kuiona pomusambitsa mwana. Inali pamikono ndi pantchafu za Nelito, yoongoka ndi yondondozana ngati mizere ya m'munda wa mbatata. Siinali mikwingwirima ya chikwapu, ndipo ataikhudza mwanayo sanalire. M'mawa inali itazimiririka. Madzulo ake inabweranso.

Nelito anali ndi zaka zisanu koma anali asanatchulepo liwu. Akafuna chinthu ankakuwa, akachikana ankakuwanso, ndipo phokoso likamuchulukira ankadziluma dzanja mpaka magazi. Maeskolinya, masukulu a mkaka a ku Canongola komwe ankakhala, anamubweza onse, akuti amaopseza anzake. Amene anamulandira ndi Dona Ernestina a ku Mpadue, mayi wamkulu amene ankasunga ana a anthu ogwira ntchito pabwalo la nyumba yawo, pansi pa mtengo wa masawu. Kuyambira pamenepo Tomásia anathanso kukhala pamsika n'kugulitsa matimati ndi mbatata zochokera kwawo ku Angónia.

Tsopano mwana ankabwerako ali phee. Bala la padzanja linapola. Ngakhale mu chopela pobwerera, njinga yamoto ikulira, ankangotsamira pachifuwa cha mayi ake.

"Inu n'kumati zikomo?" anatero Rosa, mlongo wake wa Basílio, mwamuna wa Tomásia. Rosa ankakhala nawo pakhomopo popeza Basílio ankayendetsa galimoto za malasha ku Moatize, kubwera mwa apo ndi apo. "Alamu, mbuzi ikasiya kulira pachingwe, mwini wake amapita kukaona."

"Mwina wazolowera anthu."

"Wazolowera ndani? Ine ndimagona naye nyumba imodzi, koma onani mano ake pamkono pangapa. Mkazi wachilendo ndiye amufewetse ngati futali? Mununkhizeni m'kamwa. Ana osayankhulawa anthu amawafuna. Ungamuchite chilichonse, sakanena."

Mawu amenewo anamulasa Tomásia. Chaka chimene Basílio anapeza ntchito, anthu a m'bairo, m'dera lawolo, ananong'onezana kuti anakhwimira mwana wake, anapereka lilime la Nelito kuti apeze chiwongolero. Tomásia ankadziwa mmene bodza lotero limapwetekera. Komabe madzulo amenewo anamununkhiza mwanayo m'kamwa, namufufuza m'tsitsi, m'khwapa ndi kumsana ngati muli mphini zatsopano. Sanapeze kanthu.

M'mawa mwake pokamusiya anaima pang'ono pachipata. Dona Ernestina anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, choncho Chinyanja ankachiyankhula bwino, ngakhale moni wawo unali wa Chinyungwe.

"Muli tani, amake Nelito? Lero simuthamanga?"

"Ndimati ndifunse. Kodi masana amagona?"

"Uyu? Kugona? Ha! Dzuwa la Tete lingayambe lagona ndilo."

"Nanga mumamupatsa chiyani?"

"Phala lomwe mumabweretsalo. Ndi madzi a malambe ndikasakaniza."

"Chifukwa amabwera ndi mizere m'thupi."

Dona Ernestina anawerama n'kuyamba kupukuta mamina a kamtsikana kena. Anapukuta nthawi yaitali kuposa mmene mphunoyo inafunira.

"Ndi mphasa imeneyo," anatero osayang'ana kumwamba. "Amaikonda mphasa."

Tomásia anapita kumsika mawuwo akumuzungulira m'mutu. Munthu akagona pamphasa, mizere imakhala mbali imodzi, imene wagonera. Ya Nelito inali kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Dzuwa litafika pamutu, anasiyira mnzake matimati n'kukwera chopela. Anatsikira patali, nayenda m'mbali mwa mipanda mpaka kuseri kwa bwalo la Dona Ernestina. Mpandawo unali wa bango, ndipo panali mpata wokwana diso.

Ana anali kudya pamthunzi. Nelito anakhala payekha, akufola zitsekero za mabotolo pamchenga. Kenaka panyumba yoyandikana nayo wowotcherera zitsulo analiza makina ake odulira. Nelito anatseka makutu, nayamba kukuwa, dzanja likupita kukamwa. Mtima wa Tomásia unafuna kulumpha mpanda, koma anadzigwira kuti aone.

Dona Ernestina sanakalipe, sanamunyengererenso. Anatenga mphasa yotsamira khoma, naiyala, nayalaponso nsalu ya kapulana pamwamba. Anagwada n'kudikira. Nelito anadzigwetsa m'mphepete mwa mphasayo. Pamenepo mayiyo anagwira nsonga n'kuyamba kumukulunga, kumugubuduza pang'onopang'ono mpaka thupi lonse litalowa, mutu wokha uli kunja. Anaikapo manja awiri n'kutsindira. Kukuwa kuja kunachepa, kenaka kunatha. Mwana anagona chagada, maso ali kumwamba, osagwedezeka.

Tomásia anaonapo zimenezi kamodzi kokha. Ali mtsikana kumudzi, mng'ono wake anamwalira ndi malungo nyengo ya dzinja, matabwa a bokosi osapezeka. Amayi akuluakulu anamukulunga m'mphasa chomwecho, atagwada chomwecho, asanamange luzi. Kwawo mwana akangoseweretsa mphasa n'kudzikulungamo ankamenyedwa, chifukwa kumeneko n'kulaula maliro.

Sanadziwe mmene anazungulirira mpanda. Anangopezeka ali pabwalo, akukoka mphasa ija.

"Mwana wanga ali moyo! Mukumuika m'manda ali moyo? Mfiti inu!"

"Amake Nelito, dikirani, musamudzidzimutse."

"Musandigwire! Ndiye phala la malambe limeneli?"

Nelito anagubuduka pamchenga, nakuwa koposa poyamba. Ana ena anayamba kulira. Wowotcherera uja anazimitsa makina, ndipo mitu ya anthu inatulukira pamwamba pa mipanda. Tomásia anaberekera mwana wake kumbuyo akupalapata, natuluka osatenga ngakhale mbale ya phala.

"Ndinanena ine," anatero Rosa atamva. "Mwayi wake mwafika asanamange zingwe."

Masiku otsatira anali olemera. Tomásia anayesa kupita naye kumsika, koma phokoso la kumeneko linamupengetsa. Nelito anagubuduza dengu la matimati a mnzake wa mayi ake, nadziluma mpaka bala lija linatseguka. Tomásia anasiya kupita kumsika. Matimati anayamba kuphulika m'makreti pakhonde, ntchentche zili ng'waa.

Loweruka masana, baraka yogulitsa mowa ya pafupi inayika nyimbo mokweza. Nelito anayamba kuzungulira m'nyumba atatseka makutu. Tomásia anakonzeka kumugwira manja monga mwa nthawi zonse. Koma mwanayo anaima, napita kuseri kwa chitseko, nakoka mphasa imene Rosa ankagonapo. Anaikokera mpaka pamapazi a mayi ake. Kenaka anagwira dzanja la mayi akewo, naliika pamphasapo, n'kuwayang'ana kumaso.

Chibadwire, Nelito anali asanagwirepo dzanja la mayi ake kuti awaonetse kanthu.

"Mwaona?" Rosa ananong'ona ali pakhomo. "Amuphunzitsa kudziitanira imfa. Mulandeni!"

Tomásia anachotsa dzanja. Mwanayo analibwezera pamphasa. Anachotsanso, iye analibwezeranso. Ataona kuti sizikutheka, anakweza dzanja lake la bala lija n'kuliika m'kamwa.

"Basi, mwanawe, basi," anatero Tomásia, nayala mphasayo. Anamufunditsa mopepuka ngati akuvundikira mkate, akuopa kutsindira. Nelito anaiponda mphasayo n'kuitaya uko, nalira mpaka nyimbo zija zinatha. Mayi ake anakhala pansi pambali pake. Mwana anapempha chinthu koyamba, ndipo iye sanadziwe kuchipereka.

Lolemba m'mawa anamubereka n'kupita ku Mpadue. Rosa anakana kuwaperekeza.

Pabwalo paja ana anali ochepa. Amayi awiri anaima kunja kwa chipata atagwira ana awo pamkono, osalowa, osabwerera. Atamuona Tomásia anagundana zigongono. Dona Ernestina ankasesa masawu ogwa, ndipo sanasiye kusesa.

"Mwabwera kwa mfiti m'mawa uno? Mwaiwala kuti timagwira ntchito usiku?"

"Ndabwera kudzafunsa, amayi."

"Tsiku lija simunafunse. Munauza Mpadue yense. Onani, ana anga atha. Awo ali pachipatawo akudikira kuona ngati ndimere mchira."

Nelito anatsetsereka kumsana, napita pamalo pake paja pamchenga ngati sanachokepo.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Tomásia.

"Mukanalola?" Dona Ernestina anaimika tsache. "Mukuganiza kuti sindidziwa chimene mphasa imatanthauza? Kukampu kuja ku Malawi ndakulungamo anthu ndi manja angawa. Amayi anga omwe. Tsiku loyamba kumuona mwana wanu atadzilowetsa m'mphasa zanga zopinda, ndinamutulutsa n'kulavula malovu. Mawa lake analowanso. Ndinaona kuti akakhala mothinamo sadziluma. Ndinayesa kapulana yokha, anaing'amba. Ndinayesa kumukumbatira, anandiluma. Sakonda khungu la munthu, amafuna chomuthina chosamuyang'ana."

"Ndiye inu n'kungoyamba kukulunga mwana wa eni?"

"Ndinakafunsa kuchipatala, kwa namwino amene amaona ana otere. Anati alipo ana amene mtima wawo umatsika akapanikizidwa thupi. Anandilangiza kuti mutu uzikhala kunja, ndisamukakamize, ndisachoke pambali pake. Zotsalazo anandiphunzitsa ndi mwini wakeyo. Akafuna kutuluka amamenya pansi ndi chidendene, ine n'kumasula pompo. Akafuna madzi amandibweretsera kapu. Akafuna kupita kuseri amandipatsa nsapato. Mwana wanu amayankhula, amake Nelito. Kungoti mawu ake ndi katundu."

Tomásia anayang'ana mphasa ija itatsamira khoma. Inali yakale, yakuda m'mphepete. Mawu a Rosa anali asanamuchoke.

"Nanga mumapakapo chiyani?"

"Mikodzo ya ana a Mpadue. Ndi mankhwala amphamvu zedi."

Mmodzi wa amayi a pachipata anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

"Simukundikhulupirira," anatero Dona Ernestina. "Sindikudandaula, mwana ndi wanu. Koma sindingamulandirenso inu mukundisuzumira pampanda. Gonanipo nokha mumve."

"Ine?"

"Inu amene. Ngati ili ndi mankhwala, agwire inu, mwana apulumuke. Si ndinu mayi?"

Anaiyala mphasayo pamthunzi, naponyapo kapulana. Tomásia anayang'ana kuchipata. Amayi aja anali atasendera, ndipo wowotcherera zitsulo uja anali atatsamira mpanda, magalasi ake akuda ali pamphumi. Akakana, onsewo akanadziwa kuti iye akuyesabe mayiyu mfiti, ndipo mawa pabwalo pano pakanatsala masawu okha. Anavula masilipasi. Anamanga bwino kapulana yake m'chiuno, nagwada, nagona m'mphepete monga anaonera mwana wake.

"Manja m'mbali. Musaumitse khosi ngati nkhuku ya pamsika."

Bango linamuzungulira, kumwamba kunatembenuka, masamba a msawu anabwera n'kupita. Kenaka anaima chagada, atathinidwa kuyambira m'mapewa mpaka m'miyendo. Anakumbukira mng'ono wake ndipo anafuna kukuwa. Dona Ernestina anaika manja pamwamba n'kutsindira, mwamphamvu koma mosapweteka, kuchoka paphewa kutsikira m'chiuno. Mphasayo inkanunkha fumbi ndi sopo. Mpweya unayamba kutuluka wokha, wautali. Mapewa ake, amene anali ataumirira masiku onsewa, anagwa. Zinali ngati kale ali wamng'ono, atamangidwa kumsana paulendo wa kuchigayo.

"Wafa kodi?" anafunsa mayi wina kuchipata.

"Ndikadali moyo, amayi," anayankha Tomásia ali m'mphasamo. "Lowani, musapse ndi dzuwa."

Anamva chipata chikulira. Kenaka anamva manja ena, ang'onoang'ono, akutsindira pachifuwa pake. Anatembenuza maso. Nelito anali atagwada pambali pa Dona Ernestina, nkhope ili yosaseka ngati munthu wa pantchito, akukankha ndi mphamvu zake zonse, kuchoka paphewa kutsikira m'munsi.

"Mwaona mphamvu yake? Amafuna yotere," anatero Dona Ernestina. "Inu munamufunditsa ngati mukuopa kuswa mazira, ndikudziwa. Mawa mubwere naye ndi phala lake. Alamu anu aja muwauze abwere ndi mphasa yawo, ndamva kuti ndi aatali."

"Ndiwauza."

"Mukafuna kutuluka, menyani chidendene."

Tomásia anamva. Koma timanja tija tinali tikadatsindira, ndipo iye anagonabe, chidendene chili phee pamchenga.