Mita ya Malemu Paulo

Mita inayambanso kulira Lachiwiri masana, dzuwa la Okutobala litakhazikika pa Bangula ngati lili pa mlandu ndi anthu. Estere anaimva ali m'nyumba, akumanga mafirizesi a malambe m'timapepala. Tiii! Tiii! Anasiya kapu m'beseni n'kugwira m'chiuno.

"Amayo ine! Ndi Lachinayi lomweli tasonkha," anadziyankhulira yekha.

Pabwalo la a Kaitano panali mabanja anayi a lendi, eni ake achisanu, koma mita inali imodzi, yolipiriratu, yokhomedwa pakhonde la eni nyumba. Bwalolo linali la mng'ono wawo, malemu Paulo, amene ankawotcherera zitseko ndi ngolo kutsogolo kwa mpanda. Paulo atamwalira m'mwezi wa Juni, a Kaitano anasiya minda yawo ya mapira kwa Tengani kudzayang'anira nyumbazo. Mu Ogasiti a magetsi anadzachotsa mita yakale ija, yowerenga pakutha pa mwezi, n'kuikapo yatsopano. Sabata yomweyo ndi imene Estere anagula firiji yake, ndi ndalama za thonje la zaka zitatu. Tsoka lake linayambira pamenepo: firiji ndi mita zinalowa pabwalo ngati mapasa.

A Kaitano anali munthu wa dongosolo. Anaika lamulo lakuti babu ndi gawo limodzi, fani magawo awiri, wailesi ya kanema atatu, firiji khumi. Aliyense ankasonkha malinga ndi magawo ake, iwo n'kugula mayunitsi pa foni yawo. Lamulo labwino ndithu, koma K30,000 inkangotha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, basi mita yayamba nyimbo yake.

Madzulo a tsikulo anakumana pansi pa mtengo wa nimu. Woyamba kutsegula pakamwa anali Shadreck, wa kabaza wa njinga yamoto, munthu amene mawu samuthera ngakhale atagwidwa ndi chimfine.

"Akuluakulu, tisazungulire ngati galu wofuna pogona," anatero. "Ine ndili ndi babu limodzi ndi kafani kokalamba. Koma muno muli ng'ona. Imagona m'nyumba ya mayi a Jenifa, usana ndi usiku ili ng'rrr, kumeza ndalama zathu."

Anthu anaseka. Estere, mayi a Jenifa eni ake, sanaseke.

"Ng'ona imeneyo ndi imene imakupatsani madzi ozizira mukabwera kukhosi kuli gwa, achimwene," anayankha. "Ndipo ndimalipira magawo khumi. Ndani pano amene amalipira kuposa ine? Pa wailesi ananenanso kuti magetsi akwera."

"Akwera inde, koma osati chonchi," anatero a Kaitano, akudzipepesa ndi chipewa. "Nkhabe, ayi, mwananga. Firiji isanabwere munalibe phokosoli. Ndakupatsani mpaka Loweruka. Ichoke firiji, kapena muchoke nayo."

Mawuwo anamulasa Estere pamtima. Bambo wa ana ake anapita ku Tete zaka zinayi zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo kunali zii. Yunifolomu ya Jenifa, phala la mng'ono wake, lendi yomweyo, zonse zinkachokera m'mafirizesi a malambe ndi a bwemba. Nyumba ina yokhala ndi magetsi pafupi ndi msika akanaipeza kuti m'masiku anayi? Anachita mantha, koma sanafune kuti Shadreck awaone.

"Ndamva, bambo," anatero mwaulemu. "Koma Loweruka silinafike. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

M'mawa mwake anasonkhanso, a Kaitano n'kugula magetsi. Pamene ankabaya manambala pa mita, Estere anaima kumbuyo kwawo ngati akungodutsa ndi ndowa. Mita inalandira, n'kuonetsa 105. Anaisunga nambalayo m'mutu osadziwa kuti aigwiritsa ntchito yanji.

Kumsika tsiku limenelo kunali moto weniweni. Mbuzi zinabisala pansi pa ngolo, ndipo pofika 11 koloko bokosi la mafirizesi la Estere linali litatsala theka. Anakhala pabenchi la mnzake Juliana, wogulitsa zakumwa zoziziritsa, n'kumufotokozera zonse.

"Firiji imodzi yokha?" anadabwa Juliana. "Ine kwathu kuli firiji, fani ziwiri, ndipo apongozi amasita ngakhale mipango. Iwe, anthu amenewo akukudyera masuku pamutu. Taima, wandikumbutsa, kwathu mayunitsi atsala pang'ono."

Anatulutsa foni m'chitenje, n'kugula magetsi a K10,000. Uthenga utalowa, Estere anasuzumira.

"Apa alemba chiyani?"

"Awa ndi manambala obaya pa mita. Apa ndi msonkho wa boma. Apa ndi mayunitsi amene ndapeza, 70."

Estere anayamba kuwerengera m'mutu. Sukulu anailekera Sitandade 7, koma munthu wogulitsa za K100 tsiku lonse masamu samusowa. Teni sauzande, 70. Ndiye kuti sate sauzande inayenera kubala 210. Mita ya kwawo inaonetsa 105, theka lenileni.

"Juliana," anatero, akuimirira, "tonse takhala tikufunafuna pamene mtsuko ukudonthera. Palibe anayang'ana kuti madzi akuthiridwamo ochuluka bwanji."

Anawapeza a Kaitano pakhonde akusoka thumba la mapira. Anagwada chapatali pang'ono, monga mwa ulemu wake.

"Bambo, ndimapempha ndione uthenga wa magetsi wa m'mawa uja."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. "Ukuti ndikuba? Ine Kalisto Kaitano, wa imvi zanga, ndibe ndalama za babu?"

"Ayi, bambo. Mukanakhala wakuba simukanagona pamdima limodzi ndi ife. Ndikungofuna tiwerenge uthengawo mpaka pansi."

A Kaitano anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi mphira, n'kumupatsa akuyang'ana kumbali. Pamwamba pa uthengawo panali dzina: Paulo Kaitano. Kenako manambala aja. Estere anatsitsa, n'kutsitsanso. Pansi penipeni panali mzere wa Chizungu umene pa foni ya Juliana panalibe, ndipo pambali pake panalembedwa K15,000. Anatsegula uthenga wa sabata yatha: chimodzimodzi. Wa mwezi watha: chimodzimodzi.

"Theka la ndalama zathu likupita kwina tisanayatse n'komwe babu," anatero. "Kumene likupita sindikudziwa, ndipo sindinama kuti ndikudziwa. Safunsa anadya phula, bambo. Tiyeni ku ofesi ya magetsi. Thiransipoti ndilipira ine."

"Ulipira iwe? Kodi ndine mwana wako?" anakalipa a Kaitano. Koma Lachisanu m'mawa anali atavala kale jekete lawo la kutchalitchi, kutentha konseko, akumudikira pamsewu.

Mu ofesimo anapeza mayi wina wa magalasi, wodekha bwino. Anatenga nambala ya mita, n'kuibaya pa kompyuta, n'kutembenuzira galasi lake kwa iwo.

"Mita zilipo za mitundu iwiri, agogo," anafotokoza. "Yakale ija munkayamba mwagwiritsa ntchito, bilu n'kubwera pambuyo. Yatsopanoyi mumayamba mwalipira. Koma kusintha mita sikufafaniza zimene yakale inawerenga. Apa pakuoneka kuti kuyambira Januwale mpaka Juni bilu sinalipidwe, ndipo panali makina okoka magetsi kwambiri."

"Owotcherera," anatero a Kaitano motsitsa mawu. "Anyamata a Paulo ankagwirabe ntchito iye ali m'chipatala."

"Ndiye ngongoleyo inasamukira pa mita yatsopano. Mukagula magetsi, gawo lina limayamba labweza ngongole, lotsalalo ndiye mayunitsi anu. Yatsala K240,000. Mukailipira, mayunitsi azibwera athunthu."

"Nanga firiji?" anafunsa Estere. Anafuna kuti a Kaitano amve ndi makutu awo.

"Firiji imadya ndithu, makamaka kuno kotentha, musamaitsegule pafupipafupi. Koma simbi ndi mbaula ya magetsi zikayaka zimakoka kuposa iyo. Ndipo firiji singadye mayunitsi amene sanalowe n'komwe mu mita." Mayiyo anamwetulira. "Mabanja asanu pa mita imodzi ndi mkangano wosatha, mayi. Mukadzapeza mphamvu, mudzafunsire yanuyanu."

Estere anapempha fomu yofunsira mita yakeyake pompo, n'kuiika bwinobwino m'chikwama.

Pobwerera, minibasi inaima nthawi yaitali pa Ngabu kudikira anthu. A Kaitano ankangoyang'ana pawindo chichokereni mu ofesi muja. Estere anaganiza kuti akwiya, poti munthu wamkulu sakonda kugonjetsedwa ndi mwana wamkazi wa lendi. Koma atawayang'ana anaona kuti maso awo afiira.

"Uthenga uja sindinkauwerenga," anayamba okha. "Kuwerenga ndimatha, usandione chonchi. Koma ukangolowa, choyamba kuona ndi dzina lake. Paulo. Ngati wanditumizira ndi iyeyo. Ndiye ndinkangothamangira manambala, ndikabaya n'kutseka foni msanga. Ndinamulera ndine mwana uja, titawoloka kuchokera ku Mutarara nthawi ya nkhondo, ndili naye kumsana. Miyezi isanu ndi umodzi akudwala, osandiuza kuti zinthu zamuthina."

Estere anamva chisoni chachikulu, mkwiyo wonse wa sabata ija n'kusungunuka. Anakumbukira mmene Paulo ankamuwotcherera mpando wake wa kumsika osalandira kanthu.

"Anali munthu wabwino, bambo," anatero. "Matenda ndi amene analemba ngongoleyo, osati iye."

"Pyadidi, wanena bwino," anatero mkuluyo, akupukuta kumaso ndi chipewa. "Koma ndinafuna kukuthamangitsa ndi ana chifukwa cha mantha anga a kuwerenga dzina."

Loweruka linafika. Anthu anasonkhananso pansi pa nimu, ndipo Shadreck anabwera ndi chingwe cha mphira chomangira katundu, akuchizunguza m'manja.

"Ndabwera kudzathandiza kusamutsa ng'ona," analengeza. "Mtengo wachibale, mayi a Jenifa."

"Khala pansi, iwe," anatero a Kaitano.

Anaimirira, n'kutulutsa foni ija. Anawerenga uthenga wonse mokweza, kuyambira dzina la mng'ono wawo mpaka mzere wotsiriza, osadumpha kanthu. Kenako anafotokoza za mita yakale ndi ngongole yake, monga anamvera ku ofesi.

"Ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi takhala tikulipira ngongole ya malemu?" anafunsa Shadreck, chingwe chili lende.

"Mwakhala mukulipira ngongole ya kwa Kaitano," anayankha mkuluyo. "Mlandu suola, ndipo uwu ndi wanga. Amene watenga nyumba za m'bale wake watenganso mitolo yake. Lolemba ndikukatenga mbuzi zitatu kwa Tengani, ndigulitse n'kulipira ngongoleyo. Zimene munadulidwa tiziwerengera pa lendi ya mwezi wamawa, aliyense malinga ndi magawo ake. Firiji sikuchoka. Ndipo kuyambira lero uthenga wa magetsi aziwerenga ndi mayi a Jenifa, pamaso pa tonse."

Mkazi wa Shadreck anayamba kuseka, akumuloza mwamuna wake.

"Nanga chingwecho umangira chiyani tsopano?"

"Amange nacho pakamwa," anatero Estere, ndipo bwalo lonse linafa nalo phwete. Shadreck yemwe anaseka, akukanda m'mutu.

"Ndalakwa, achemwali. Mbuzi za agogo ndikazitenga ndine, ulere."

Anthu atabalalika, Estere analowa m'nyumba. Firiji inali ng'rrr pakona pake, monga mwa masiku onse. Anaisisita pamwamba ngati ng'ombe yomwe yapulumuka ku matenda, n'kuika fomu ya mita ija pansi pa Baibulo kuti isapindike. Atatembenuka anaona a Kaitano ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndipatse ya bwemba imodzi, mwananga. Kukhosi kwauma ndi zoyankhula."

Anawasankhira youma bwino. Ataona akupisa m'thumba la jekete, anakaniza ndi dzanja.

"Ayi, bambo, imeneyo ingomwani."

"Nkhabe," anatero a Kaitano, akuika K100 pamwamba pa firiji. "Takhuta, zikomo, koma landira. Pakhomo pano ngongole yakwana."