Tsiku Limene Bwalo Linadzaza

Doris Makawa anali atagwada m'mphepete mwa bwalo, akuthira laimu pamzere womaliza, pamene foni yake inalira. Anapukuta zala pachitenje n'kuyankha mosayang'ana nambala. Kuyambira m'mawa anthu ankangoimba: wa tenti, wa zokuzira mawu, amayi a mandasi ofuna malo abwino pafupi ndi chipata.

"Kodi ndi aphunzitsi a mpira?" anafunsa mawu a bambo wachikulire. "Ndine Ishmael, mjomba wake wa Sabrina. Foni yake sikupezeka."

"Mafoni a atsikana ndimasunga ine tsiku la masewera, bambo. Kwagwanji?"

Pafonipo Doris ankamva mphepo ndi kulira kwa njinga yamoto.

"Mlongo wanga, mayi ake a mwanayo, watisiya m'mawa uno. Inu ndinu kholo lake kumeneko, n'chifukwa chake ndauza inu. Musamuuze mwadzidzidzi. Mungoti matenda akula, mumukweze minibasi. Ine ndili panjira, ndikukagula nsalu."

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri. Ndamva."

Foni inaduka. Doris anakhala pansi, pamzere womwe anali atangothira kumene.

Loweruka limenelo linali la chiweruzo. Mkulu wa koleji yawo ya ntchito zamanja, a Pilato, adanena poyera kuti chaka chamawa mpira wa ntchemberembaye sudzakhalaponso pokhapokha patapezeka munthu wakunja woti asenze timuyo. Doris adagogoda makomo ambiri. Khomo limodzi lokha ndilo lidatseguka, la a Muhammadi, mwini malole onyamula katundu pa Muloza, ndipo lidangotseguka theka.

"Mayi, ine dzina langa ndimaliika pamene pali maso a anthu," adatero a Muhammadi tsiku limenelo. "Ndikabwera n'kudzapeza mlonda ndi mbuzi ziwiri, ndidzabwerera. Dzazani bwalo, tidzakambirana."

Ndiye Doris adalimbana nazo. Masewera ankachitika Lachitatu m'mawa, anthu ali m'minda ya tiyi. Iye adawasamutsira Loweruka masana, othyola tiyi ataweruka. Adapempha kuti alengeze m'matchalitchi ndi kumzikiti. Adakweza chimkuzamawu pakabaza n'kumazungulira msika wa Nkando. Poyamba ankalengeza dzina la timu, Anamzeze, koma anthu ankangopitiriza kusankha tomato. Atayamba kunena kuti, "Bwerani mudzaone Sabrina, dzanja losaphonya," m'pamene mitu idayamba kutembenuka. Anthu safuna kudzaona koleji. Amafuna kudzaona munthu.

Tsopano munthuyo anali m'chipinda chosinthira, akuseka ndi anzake, osadziwa kanthu.

Doris anayang'ana phiri. Mitambo inali itakhala paphewa pake ngati mpango wa mayi wopita kumaliro. Anayamba kuyesa zinthu mumtima, potengera maliro onse amene anapitako chibadwire. Munthu akamwalira m'mawa, uthenga umayenda masana. Madzulo anthu amasonkhana, usiku amayi a chigwirizano amaimba pasiwa mpaka kucha. Manda amakumba mawa lake. Umu ndi mmene zidayendera pa maliro a bambo ake ku Thyolo, ndi a mwamuna wake. Mwana akafika madzulo, ndiye kuti wafika nthawi yabwino. Akafika masana, mayi ake sadzuka ayi.

Kuti banja la Sabrina ndi la Chisilamu ankadziwa. Ankamuona mtsikanayo akusewera atavala mpango wothina kumutu. Kunsi kwa mtima wake kunali kamawu kena kamene kankafuna kumukumbutsa chinachake, koma sanakapatse mpata. Kumbali inayo kunali atsikana ena onse, ena mwa iwo osungidwa pasukulu ndi mpira womwewu. Anadzuka, nasasa laimu kuchitenje.

M'chipinda chosinthira munali phokoso. Annette, wotchinga kumbuyo, ankayeserera mayendedwe a a Pilato, mimba kutsogolo, manja kumsana.

"Madamu, auzeni awa asiye kudya mandasi a masapota," anatero Annette, akuloza Sabrina. "Dzanja losaphonya lija layambira pa beseni la eni ake."

"Ndalawa limodzi lokha, nsanje basi," anayankha Sabrina. Anali wamtali, wa mawu otsika, wophunzira zamagetsi. Anayandikira Doris. "Madamu, tandibwerekeni foni pang'ono. Dzulo amayi ankadandaula mutu. Ndingowafunsa mmene adzukira."

Doris anawerama ngati akukonza chingwe cha nsapato.

"Tikamaliza, mwanawe. Lamulo ndi lamulo."

"Chabwino, Madamu. Ndikawauza kuti tawina, mutuwo upola wokha."

Anthu anabwera. Anabwera amayi othyola tiyi, ena zipewa zakuntchito zili kumutu. Anabwera akabaza, ogulitsa nzimbe, azibambo a m'mashopu a pa Chonde, ndi gulu la ng'oma lomwe palibe analiitana. Mabenchi a m'kalasi atatha, anthu anakhala pachulu ndi pamulu wa njerwa za ophunzira zomangamanga. Chibwerereni pakolejipo Doris anali asanaonepo fumbi lotere. A Muhammadi anafika pagalimoto yoyera, atavala mkanjo ndi kofia, nakhala mutenti pambali pa a Pilato. Anayang'ana uku ndi uku, nagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Wezulo itangolira, foni ya Doris inanjenjemera m'thumba. Anasuzumira. Inali nambala ya a Ishmael. Anaibwezera m'thumba. Inanjenjemeranso, kenaka kachitatu. Anaizimitsa.

Alendowo, timu ya koleji ina ya ku Blantyre, anali atsikana amphamvu ndi a nsapato zatsopano. Kota yoyamba anatsogola. Koma mpira ukangofika m'manja mwa Sabrina, bwalo lonse linkakhala chete ngati m'kalasi ya mayeso. Iye ankaima ndi mwendo umodzi kutsogolo, kukweza mpira pamwamba pa mutu, kupuma kamodzi, n'kuutulutsa. Ukagwera mumphete, amayi a m'tiyi ankalulutira, ng'oma n'kuyankha.

"Uyo ndi mwana wa ndani?" wina anafunsa kumbuyo kwa Doris.

"Wa kwa Mwanahalima, cha ku Muloza uko. Mayi ake amagulitsa nsomba zouma."

"Odala mayi amenewo."

Doris sanatembenuke. Ankafuula malangizo, kusintha osewera, kupereka madzi, ndipo mawu ake ankawamva ngati akuchokera kuchipinda china.

Anamzeze anapambana. Anthu anakhamukira m'bwalo, amayi ena namunyamula Sabrina, mizere ya laimu n'kufufutika pansi pa mapazi awo. A Muhammadi anapatsidwa maikolofoni.

"Ndinauza mayi awa kuti adzaze bwalo," anatero. "Adzaza mpaka chulu. Ine mawu anga ndi amodzi. Timuyi ndaitenga: yunifolomu, nsapato, maulendo, zonse. Mutu umodzi susenza denga."

A Pilato anagwira dzanja la Doris ndi manja awiri. "Mwatichotsa manyazi, Madamu. Kodi mukulira? Ndi chimwemwe chimenecho, lirani ndithu."

Doris anadikira kuti anthu achepe. Kenaka anapita kwa a Muhammadi, amene anali atatsegula kale chitseko cha galimoto.

"Bwana, ndili ndi pempho lina. Popeza mukubwerera ku Muloza, mungatitengeko ine ndi Sabrina? Kwawo kwagwa zovuta. Mayi ake amwalira. Mwanayo sindinamuuze."

A Muhammadi anasiya chitseko. Ananena mawu ena a Chiarabu motsitsa, kenaka anafunsa, "Amwalira liti?"

"M'mawa."

"M'mawa wa lero?"

"Eya. Ndinati tikafika madzulo ano, akagona pasiwa, mawa..."

"Mawa lake liti, mayi?" Sanakweze mawu. Anayang'ana dzuwa, limene linali litapendekera kale ku Thyolo. "Ife sitigoneka maliro. Mwakhala nafe zaka zonsezi. Kamutengeni mwanayo msanga."

Kamawu kaja kanatuluka tsopano, ndipo kanali ndi mawu a a Ishmael: ndikukagula nsalu. Inali sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo.

Sabrina anakwera galimoto ali ndi yunifolomu yomweyo, atangokulunga chitenje pamwamba. Doris anamuuza monga a Ishmael anamulangizira, kuti matenda a mayi ake akula. Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja.

"Foni yanga, Madamu."

Anaiyatsa. Mauthenga anayamba kulowa motsatizana, kulira ngati anapiye. Anawerenga woyamba, wachiwiri. Sanakuwe. Anaika foniyo pamiyendo, chafufumimba, nayang'ana kunja, kumene minda ya tiyi inkathamangira kumbuyo, yobiriwira mopanda chisoni. A Muhammadi ankayendetsa mothamanga kuposa mmene munthu wa msinkhu wawo amayendetsera. Pa Chonde sanaime. Patapita nthawi anasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi.

Anakumana ndi anthu ochokera kumanda pamlatho waung'ono, mudzi usanayambe. Azibambo ovala makofia ankabwera m'magulumagulu, mapazi ali ofiira ndi dothi. Anayi mwa iwo ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, ndipo ankachinyamula ndi dzanja limodzilimodzi, mopepuka. A Muhammadi anaimitsa galimoto, nazimitsa injini.

Bambo wina wa ndevu zaimvi anapatuka pagulupo n'kubwera pawindo. Sabrina anatsika.

"Amjomba."

"Tinakudikira, mwanangu," anatero a Ishmael. "Itatha swala, pemphero lathu la masana, tinadikira. Amayi ako aang'ono anakana kuti aphimbe nkhope, ankati mwana akubwera, ali panjira. Mpaka a shehe anati dzuwa likutithawa." Anayang'ana Doris, amene anali atatsika mbali inayo. "Ndinu aphunzitsi aja? Ndinaimba."

"Ndinaona, bambo."

Sanamufunse china. Akanamukalipira, mwina Doris akanapeza pogwira.

Kunyumba ya maliro amayi anali atakhala pamphasa pakhonde ndi m'kati. Atamuona Sabrina, kulira kumene kunali kutazirala kunayambiranso. Anamulowetsa m'nyumba. Doris anavula nsapato, nakhala kumapeto kwa mphasa, pafupi ndi thandala la nsomba lomwe linali litatsamiritsidwa kukhoma. Mayi wina anamusunthira malo, osadziwa kuti iye ndi ndani.

Patapita nthawi a Muhammadi anabwera, naima chapatali. Doris anadzuka kukawapeza.

"Ine ndikupita," anatero. "Zimene ndalonjeza pagulu sindibweza. Atsikana aja sanalakwe kanthu. Lolemba mutumize miyezo ya nsapato." Anakonza kofia yawo n'kutembenuka.

Timu inali itapulumuka. Doris anabwereza mawuwo mumtima kuti amve kulemera kwake, koma anali ngati chikho chobooka.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, Sabrina anatuluka. Anali atasintha, atavala diresi lalitali la mayi ake ndi mpango wakuda. M'manja ananyamula yunifolomu, yopindidwa bwinobwino. Anagwada patsogolo pa Doris monga mwana woleredwa bwino, naipereka ndi manja awiri.

"Sabrina, mwanawe, ndilibe mawu. Ndinkayesa kuti..."

"Ndikudziwa zimene munkayesa, Madamu. Kwanu mumaika mawa lake."

"Ndikanakuuza. Ndinaopa kuti ukachoka, zonse zitha."

Sabrina anayang'ana manja ake, amene anali adakali ndi fumbi la bwalo m'zikhadabo.

"Amayi ankadziwa za masewerawa. Ankauza aliyense pamsika, ngakhale ogula nsomba za ndiwo imodzi. Mukanandiuza, sindikudziwa chimene ndikanachita. Mwina ndikanakwera minibasi. Mwinanso ndikanasewera kota imodzi kaye, chifukwa cha anzanga. Sindikudziwa. Koma ndikanasankha ndine, Madamu. Anali amayi anga."

"Udzabweranso kusukulu?"

"Kusukulu ndidzabwera. Amayi anavutikira fizi." Anadzuka, nasasa maondo. "Minibasi zomaliza zimadutsa mdima usanagwe. Amjomba akuperekezani kumsewu."

A Ishmael anatsogola, Doris pambuyo, yunifolomu ili kukhwapa. Njira inadutsa m'mbali mwa manda. Bamboyo sanaloze, ndipo Doris sanafunse, koma pakati pa mitengo anaona mulu wa dothi lofiira, losalazidwa bwino ndi manja, lidakali lonyowa ndi madzi amene anawazapo.

Pamsewu anapeza minibasi ikudzaza. Kondakitala anamuzindikira.

"Si a kochi a Anamzeze awa? Lowani, Madamu, khalani kutsogolo. Ndinaliko ine lero. Mtsikana uja ndi moto. Loweruka likubwerali aseweranso?"

Doris anakhala pansi, naika yunifolomu pamiyendo. Inali idakali yachinyezi ndi thukuta.

"Tiyeni tizipita, achimwene," anatero.